Mphero ya Amai Shantaben

Amai Eness Tembo, Mkatolika, anakhala zaka zambiri ku Woodlands moyandikana ndi Amai Shantaben, Mhindu, akupatsirana nsinjiro ndi tsabola pamwamba pa mpanda. Shantaben atamwalira ndi kutenthedwa mwa mwambo wa Chihindu, mwana wawo Harshad anabwera kudzakonza m'nyumba. Mawa lake anali kupita ndi phulusa la amai ake ku mtsinje wa Kafue, ndipo zosafunika zonse zinali panja kudikira lole yopita kudzala la ku Chunga. Pamulu umenewo Amai Eness anaona mphero ya mnzawo, ndipo anaima patsogolo pake, korona ili m'manja.

"Iyi siyenda ku Chunga, Harshad. Mailo ipita na iwe ku Kafue."

Harshad anali wogulitsa mankhwala ku Northmead, munthu woyankha funso lililonse monga momwe lafunsidwira.

"Ikachite chani ku Kafue, ba anti?"

"Ikamasuke. Amai ako ananiuza. Munthu abadwa, afa, abadwanso, mpaka tsiku lina amasuka, sabwelanso. Muitana bwanji paja?"

"Mokisha."

"Imeneyo. Nayo mphelo ipite."

"Mokisha ni ya mzimu, ba anti. Mwala ulibe mzimu."

"Unaufunsa?"

"Sungayankhe."

"Amai ako naonso sanali kuyankha mafunso amwano."

Harshad anavula magalasi ndi kuwapukuta ndi malaya.

"Zaka zonse izi," anapitiriza Amai Eness, "iyi mphelo inali kuuka pamodzi na amai ako, ise tikali kugona. Tsabola m'maso, adyo m'mphuno. Unaimvapo idandaula?"

"Ilibe maso. Na mphuno ilibe."

"Inabapo? Inanamapo? Unaipezapo mu bala ku Kabwata?"

"Awe."

"Ku tchalitchi kwathu, otele timawaika pa chithunzi na kuwayatsila kandulo."

"Sinachimwe chifukwa singakwanitse kuchimwa."

"Oho. Manje ufuna iyambe yachimwa, ilape, ndiye muilandile?"

"Singalape."

"Iwe mwana, amai ako anali munthu wachifundo. Mtima uyu unautenga kuti?"

Harshad anayamba kuganizira funsolo mofatsa, ngati akufuna kutchula malo. Amai Eness sanamudikire.

"Chabwino. Ngati kumasuka ni patali, ibadwenso. Izikwela pang'ono pang'ono. Iyambe mtondo, kuchoka apo chigayo cha dizilo, mwina pambuyo pake mbuzi."

"Sibadwa, ba anti. Kufanso siifa."

"Ndiye ine na iwe tizapumula, iyo izikhala pansi pano mpaka kalekale, pakati pa mapulasitiki a ku Chunga?"

"Sizadziwa kuti ili ku Chunga."

"Ine nizadziwa."

Mawu amenewo anatuluka motsika kuposa momwe anafunira. Mumtima sanali kulimbana ndi chiphunzitso cha anthu. Chinali kuwapweteka n'chakuti mnzawo apita kumtsinje yekha, chinthu chimene manja ake anachizolowera chikatayidwa pamodzi ndi matayala akutha. Anagwira kamkanda kamodzi ka korona, nanena Tikuoneni Maria chamumtima.

Harshad anakhala pa kabokosi nayamba kufotokoza pang'onopang'ono, ngati akuuza wodwala kamwedwe ka mankhwala.

"Mvelani, ba anti. Chimene chimamanga munthu ni kukakamila. Mtima wagwila chinthu, wakana kusiya, basi munthu abwelela pansi pano. Mwala sugwila kanthu. Sunamangidwe. Chimene sichinamangidwe simungachimasule."

"Tiyeseko chabe. Uiponye m'madzi."

"Izamila."

"Petulo nayenso anamila."

"Petulo anakuwa. Iyi siizakuwa."

Kugeti kunamveka hutala. Oswell, mwini lole, analowa atavala magolovesi, napereka moni, nayamba kunyamula mipando yothyoka. Amai Eness anayang'ana mphero, anayang'ananso Harshad, kenaka anaika korona m'thumba la juzi.

"Namva, mwana wanga. Wanigonjetsa. Ni mwala chabe. Ba Oswell, nyamulani na iyi."

Amai Eness anawerama kuti atsanzikane nayo. Anadutsitsa chikhatho pakati pake, pamene panakumbika ndi kupera kwa zaka zonse zija, ndipo zala zawo zinatuluka zachikasu.

"Onani, mankhwala aja a chifuwa akali mo," anatero, osayang'ana munthu. "Aja amai ako anali kukupelela ukakhosomola, iwe uthawila kwathu pansi pa bedi."

Oswell anagwira mphero mbali zonse ziwiri.

"Imani," anatero Harshad.

"Ni mwala chabe," anamukumbutsa Amai Eness.

"Nidziwa. Imani ndithu."

"Sizadziwa kuti ili ku Chunga."

"Ba Oswell, siyani. Muzaigwetsa."

"Siimva kuwawa."

Harshad anapinda manja a malaya, nakumbatira mphero ngati mwana wogona, nayenda nayo dzandidzandi mpaka ku galimoto yake. Oswell atafuna kuthandiza, iye anakana ndi mutu. Anaitsitsa pampando wakutsogolo, naimanga lamba. Kenaka anatsamira chitseko, dzanja lili pamsana, thukuta kamukamu.

"Ipita ku Kafue?" anafunsa Amai Eness.

"Ku Kabulonga. Kunyumba kwanga."

"Kukapela?"

"Akazi anga ali na makina a malaiti. Izankhala chabe pa khonde."

"Osagwila nchito?"

"Osagwila."

"Pamthunzi?"

"Pamthunzi. Nizaipukuta neka."

"Ukasamuka?"

"Nisamuka nayo."

Amai Eness anachita chizindikiro cha mtanda. Anatulutsa kabotolo ka mafuta otikitira msana kamene anali kuyenda nako chifukwa cha msana wa malemu mnzawo, nakaika m'dzanja la Harshad.

"Koma mumvetse, ba anti," anatero iye, akupuma movutika, "iyi mphelo siinamasuke. Singamasuke."

"Usavutike nayo, mwana wanga, iyo yapumula kale. Wamangidwa ndiwe. Ukabwelanso, ubadwile pafupi na Woodlands."