Mabulosi Ouma a Landankhwangwa

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni nonse amene mukuwerenga mawu angawa. Ine ndine Nabanda. Ndakalamba tsopano, mawondo sandilolanso kukwera phiri, koma pakamwa pokha sipanakalambe. Ndikufuna ndikuuzeni za chaka chimene mwana wanga Tiyamike anatupa thupi lonse n'kukana chakudya, ine n'kunamiziridwa kuti ndine ndikumupha. Mpaka lero ndikamaikumbukira nkhaniyi mtima umandigunda.

Zinachitika m'masiku a chipani chimodzi, nthawi ija munthu sunkalowa mumsika ngati ulibe khadi la chipanicho. Ndinali pachitengwa, kumudzi kwa amuna anga a Yelemiya, m'munsi mwa phiri la Ntchisi, kutali ndi abale anga a ku Mponela. A Yelemiya anapita kumigodi ya ku Joni mwana akadali wakhanda, ine n'kutsala ndi mayi awo, apongozi anga a Nachisale. Apongoziwo sanali munthu woipa ayi, koma akanena chinthu sankafuna woyankha, ndipo ine pakamwa panga sipankachedwa kuyankha. Mungaone nokha mmene tinkakhalira.

Tiyamike atangoyamba kuyenda anadwala chikuku. Chikukucho chinatha, koma chinamusiyira zilonda m'kamwa ndi kutsegula m'mimba. Ine malungo anali atandigwetsa, m'mawere mwanga n'kuuma. Inali nyengo ya mvula, miyezi ija ya njala, nkhokwe itatsala pansi penipeni. Mwana anayamba kutupa mapazi, kenako masaya. Tsitsi linafiira n'kumathothoka lokha. Ukadina pamwendo ndi chala, dzenje linkatsala pomwepo. Analeka kuyenda, analeka kuseka, ndipo kulira kwake kunali kwapansipansi, kosalekeza.

Tsiku lina apongozi anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana ine.

"Ili ndi tsempho," anatero. "Mwana wanga ali ku Joni. Nanga mdzukulu wangayu wamusempha ndani? Ululani, Nabanda, angatifere m'manja."

Achinyamata a lero mwina simukudziwa. Kwathu ankakhulupirira kuti kholo likagona ndi munthu wina mwana akadali wamng'ono, mwanayo amatupa, ndipo sachira mpaka wolakwayo ataulula. Ankatinso mkazi wotero akathira mchere m'ndiwo amadwalitsa onse odya. Choncho kuyambira tsiku limenelo apongozi anachotsa chigoba cha mchere m'khitchini mwanga. Ndinkaphika ndiwo, zikapsa ndinkaima pambali ngati mlendo, iwo n'kubwera kudzathira mchere. Mudzi wonse unadziwa tanthauzo lake. Kuchitsime amayi ankadula nkhani ndikafika. Ngakhale kutchalitchi, amayi anzanga oimba nawo anayamba kundisiyira benchi lonse ndekha. Zinandipweteka koopsa, chifukwa pamaso pa Mulungu sindinadziwe mwamuna wina.

Ndinabereka mwana n'kupita naye kuchipatala cha mishoni, ulendo wa tsiku lathunthu m'matope. Asisitere anamuyeza n'kunena kuti si tsempho, koma thupi lasowa zakudya. Anandipatsa mankhwala a m'mimba ndi opaka m'kamwa, n'kundilangiza kuti ndizimuphikira phala la mgaiwa lothira nsinjiro, pang'onopang'ono koma pafupipafupi. Ndinabwerera ndi chiyembekezo. Mtedza wotsala pobzala ndinali nawo m'chikwatu, ndipo ndinausinja tsiku lomwelo.

Koma Tiyamike anakana. Supuni ikafika pakamwa ankakukuta mano n'kutembenuza nkhope. Ndikamukakamiza ankalavula, phala n'kutsika pachibwano. Ndinanyengerera, ndinaimba, ndinakalipa, mpaka ndinamutsina patsaya kuti alire ndiponyemo phala, ndipo zonse zinabwerera. Apongozi ankangoima pakhomo n'kumati phala silichotsa tsempho. Mwana ankangotupirabe, maso akutsekeka ndi masaya.

Abale, ndinafika pothera. Ndinayamba kuganiza zongotchula dzina la mwamuna aliyense, ndivomere tchimo limene sindinachite, mwina mankhwala awo a tsempho n'kumupulumutsa. Kupemphera kunandikanika. Ndinkatsegula pakamwa, mawu osatuluka.

M'mawa wina nkhuni zinandithera, ndipo ndinakwera ndi mwana kumbuyo mpaka m'malire a nkhalango ya boma. Nditafika sindinatole ngakhale kamtengo kamodzi. Ndinakhala pathanthwe, ndinamutsitsa mwana, ndipo ndinalira mokweza ngati pamaliro. Pamenepo m'pamene pemphero linatuluka, ndipo silinali laulemu. Ndinati, "Ambuye, mukundiona kapena simukundiona? Dzina langa lapita, sindilifunanso. Koma mwanayu angotsegula pakamwa. Sindikupempha china."

Nditatukula mutu ndinaona nsapato za mlonda wa nkhalango. Anali a Mbewe, amene amayi tonse tinkawatcha Landankhwangwa. Bambo ameneyu akakupeza ukudula mtengo wauwisi sankamva kulira, ndipo nkhwangwa yanga yomwe anali atandilanda chaka chapitacho. Kumudzi tinkawasekanso pa chinthu china. Nyengo yotentha ankathyola mabulosi a m'tchire, aja a minga omera m'mphepete mwa mitsinje, n'kumawayanika pamathanthwe ngati mfutso. Munthu wamkulu, wandevu, kulimbana ndi zipatso za ana! Tinkati mutu wawo suyenda bwino.

Ndinadikira kukalipiridwa, koma iwo anagwada n'kuyang'ana mapazi a mwana.

"Akukana kudya, eti mayi?" anafunsa. "Wanga woyamba anapita ndi matenda omwewa."

Anatulutsa m'thumba la jekete kachikwatu ka masamba a msuku. M'katimo munali tinthu takuda, tokwinyika, tosaoneka bwino n'komwe. Anaika tingapo pachikhatho, anadonthezapo madzi a m'botolo lawo, anafinya ndi chala mpaka madziwo atafiira, kenako anandiuza kuti ndiviike chala changa ndimupake mwana pamilomo. Ndinamupaka. Tiyamike anachita tsinya chifukwa cha kuwawasa. Kenako lilime linatuluka n'kunyambita, ndipo linatulukanso kachiwiri kufuna zina.

A Mbewe anandipatsa chikwatu chonse. Anati ndiziwaviika m'madzi ofunda, ndiziwasinja, ndizisefa njere ndi kansalu koyera, madziwo ndizithira m'phala la nsinjiro nditaliphula pamoto.

Ndinazengereza kulandira. Munthu woyanika mabulosi dera lonselo anali mmodzi yekha. Mkazi amene akunenedwa za mwamuna wachibwenzi, lero atsike m'nkhalango ndi mphatso ya Landankhwangwa! Ndinadziwa kuti ndikalandira, ndawapatsa anthu dzina limene ankalifuna. Ndinayang'ana milomo ya mwana wanga yofiira ija, ndinakumbukira zimene ndinali nditangowauza Ambuye, ndipo ndinalandira ndi manja awiri.

Kunyumba sindinabise. Ndinayala chikwatu pakhonde, apongozi akuona.

"Ndiye ndi ameneyo?" anatero ndi mawu otsika. "Mwachita kubwera nazo poyera?"

"Nenani zimene munene, amayi," ndinayankha. "Ine ndikuphika phala."

Phala linasanduka lofiirira, lonunkhira, lotsekemera pang'ono popanda shuga. Tiyamike anameza supuni imodzi, anapumira, n'kumezanso ina. Yachitatu anakana. Ndinalira ndi chimwemwe pa masupuni awiri okha, ine mayi wamkulu. Madzulo anadyanso pang'ono. Kunja mbiri inali itafala kale, ndipo ena ankati alembera kalata a Yelemiya kuti banja latha. Ndinkaopa, sindinama, koma moto wa phala sindinauzimitse.

Kuchira sikunabwere tsiku limodzi. Zilonda za m'kamwa zinayamba kuuma, kutupa kunaphwa pang'onopang'ono mpaka mwana anaoneka wowonda kuposa kale, ine n'kuchitanso mantha. Nditabwerera naye kuchipatala asisitere anati kumeneko ndiye kuchira. Anandiuza kuti chomanga thupi ndi nsinjiro ndi mgaiwa, koma zipatsozo zamutsegula pakamwa ndipo zikuthandiza zilonda kupola. Musamve molakwa, abale. Mabulosi okha sakanamuchiritsa, ndipo mwana akatupa thamangirani naye kuchipatala. Koma phala limene mwana akulikana silichiritsa munthu.

Kenako chikwatu chinatha. Ndinaphika phala loyera, Tiyamike n'kulikankha ndi dzanja. Ndinatayanso mtima. Mabulosi auwisi kunalibe, nyengo yake inali itapita, ndipo kukwera ndekha kwa a Mbewe kukanakhala kudzimaliza. Ndinakhala pakhonde, mbale ili m'manja, osadziwa chochita. Apongozi anayang'ana mbaleyo, anayang'ana mdzukulu wawo, anamanga chitenje n'kutuluka.

Anabwera dzuwa litapendeka, matope mpaka m'mawondo, akupuma movutikira. Pamutu anasenza chikwatu chachikulu, ndipo m'dzanja munali nkhwangwa yanga ija. Anali atakwera okha phiri lonselo. Kumeneko anakacheza ndi akazi a a Mbewe, amene anawaonetsa manda a mwana wawo woyamba, yemwe naye ankamunena tsempho mpaka anamwalira. Apongozi sanandiuze zambiri. Anakhala pansi, anasinja mabulosi okha, ndipo anamwetsa mwana phala ndi dzanja lawo.

Tsiku lotsatira ndinaphika nkhwani. Utapsa ndinaima pambali monga mwa masiku onse, kudikira kuti abwere adzathire mchere. Anabweradi, chigoba chili m'manja, koma sanapite pamphika. Anandigwira dzanja n'kuikamo chigobacho.

"Thirani, mwana wanga," anatero. "Ndiwo zanu zimakoma mukathira nokha."

Kupepesa kwawo kunali komweko, ndipo kunandikwanira. A Yelemiya atabwera anapeza mwana akuthamanga pabwalo, ndipo amene anatseka pakamwa anthu amiseche anali mayi awo omwe.

Kuyambira chaka chimenecho sindinaphonyepo nyengo ya mabulosi. Ndimathyola akupsa bwino, ndimayanika palichero nditaphimba kansalu kopyapyala kuti ntchentche zisatere, mpaka atauma osamata m'manja, kenako ndimasunga pouma. Ndimathira m'phala, m'thobwa, ngakhale m'chigumu, ndipo adzukulu anga safunsa shuga. Amene ndinkaseka nawo a Mbewe anayamba kundiseka ine, ndipo ndinkangowasiya aseke. Tiyamike lero ndi mayi wa ana ake, ndipo ndiye amandithyolera chifukwa minga sindikuionanso bwino.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero langa lopanda ulemu lija, n'kuliyankha kudzera mwa munthu amene ndinkamuda. Inu amene mwatopa, amene mukunamiziridwa, amene muli ndi wodwala amene akukana chakudya, musaleke kupemphera, ngakhale mawu atuluke okalipa. Ndipo thandizo likabwera m'manja mwa munthu amene simukumufuna, lilandireni ndi manja awiri. Ine ndinapempha kuti mwana angotsegula pakamwa, dzina langa nditalitaya kale. Ambuye anandipatsa mwana, ndipo anandibwezeranso chigoba cha mchere. Ulemerero ukhale kwa Iye. Ameni.