Mpeni wa Chigwiriro Chofiira

Malemu athu anabadwa pa 9 Ogasiti 1971, oyamba m'banja la ana anayi. Ine ndikuwerenga mbiriyi ndine mlongo wawo, chitsirizira m'banjamo. Mawu anga akamanjenjemera mundikhululukire. Si chisoni chokha ayi, ndakwiya.

M'chaka cha 1983, iwo ali ku pulayimale, banja lathu linapita kuphwando la ukwati. Sabata isanathe, anthu ambiri anayamba kutsegula m'mimba mwa magazi, ndipo mng'ono wawo wa zaka zinayi anatisiya. Anthu anati mayi amene anaphika anathira poizoni. Anawakokera pamsewu, kuwagenda ndi njerwa mpaka diso kuphulika, nyumba n'kuwawotchera. Malemu achemwali angawa anaona zonsezo ataima pakhonde. Mpaka kukula ankanena kuti mayi aja analibe mlandu, kungoti panalibe munthu wodziwa kuyeza nyama imene tinadya paphwandopo.

Mu 1990 analowa kuyunivesite, kumene anaphunzira za tizilombo tosaoneka ndi maso timene timaswana m'zakudya. Mu 1996 anamanga banja ndi aphunzitsi a masamu akhala kutsogoloku. Alamu athuwa anapirira, chifukwa pakhomo pawo sunkakhudza mbale usanasambe m'manja ndi sopo, kaya ndiwe mbusa kaya ndiwe mpongozi. Dzina loti Mayi Sambani linachokera pamenepo, ndipo eni ake ankaliyankha monyadira.

Ntchito ya mulabotale anaiyamba mu 2001, koma pampando sankakhalapo. Ankalawirira kophera nyama atavala majombo, kabokosi kozizira kali m'manja, n'kumapukuta ndi thonje matebulo, zikwanje ndi m'migolo ya madzi, thonjelo n'kuika m'kabokosimo kuti akaliyeze. Anapeza kuti chimene chinkagoneka ana m'chipatala chinali mpeni umodzi: womwewo wotumbulira matumbo, womwewonso wodulira nyama yopatsa wogula. Mu 2009 anasulitsa mipeni yapadera, yosapezeka m'sitolo, n'kupatsa wogulitsa nyama aliyense mumsika iwiri: wa chigwiriro chofiira wotumbulira, wa chigwiriro choyera wodulira. Ambiri anaseka, amvekere sukulu yonse ija kuthera pa mipeni. Koma wodi ya ana, momwe nyengo yotentha ankagona awiriawiri pabedi, inayamba kukhala ndi mabedi opanda munthu. Misika ya m'mizinda ina inatengera njirayi, ndipo ophunzira awo akuiphunzitsabe.

Mu Febuluwale chaka chino, ana a pasukulu ina yogonera komweko anadwala, atatu n'kumwalira. Makolo anagwira bambo ophika, kuwamanga ndi waya, kuwakoleka tayala m'khosi, petulo atathira kale. Achemwali analowa pakati pa chigulucho. Anawawomba makofi, kuwang'ambira malaya, koma sanasunthe kufikira apolisi atabwera. Achemwali atayeza chakudya cha ana aja, anapeza kuti tizilomboto tinachokera m'nyama ya ng'ombe zofa zokha, imene ogulitsa ena ankalowetsa mumsika mwakabisira. Ankayembekezeka kukachitira umboni kukhoti kumapeto kwa mwezi uno.

Pa 6 Meyi, masanasana, munthu anawatchingira kuseri kwa msika, pafupi ndi ngalande yotayira magazi. Anawamenya ndi chitsulo kumsana, kuwathyola zala pofuna kulanda kabokosi kaja, n'kuwabaya paphewa ndi pantchafu. Kabokosiko sanakataye, anakagonera. Anthu atathamangira kumeneko, wachiwembuyo anali atathawa, mpeni uli chizikike m'ntchafu. Chigwiriro chake chinali chofiira.

Madokotala anatiuza kuti mabalawo akanapola, koma mpeniwo unali wotumbulira, wosatsuka. Tizilombo timene analimbana nato moyo wawo wonse tinalowa m'magazi. Mwendo unatupa n'kuda, thupi likutentha ngati mbaula, ndipo pa 11 Meyi anatsikira kulichete. Zimenezi zikundipweteka kuposa imfa yeniyeniyo.

Malemu asiya amuna awo, ana atatu, mdzukulu mmodzi, ndi ife alongo awo awiri. Tikuthokoza anamwino amene sanatope nafe, ndi anzawo a mulabotale amene ayeza zonse zinali m'kabokosi kaja ndipo akaima kukhoti m'malo mwawo. Tikuthokozanso bambo ophika aja, amene akumba nawo manda zipsera za waya zikuonekabe m'mikono.

Inunso ogulitsa nyama mwabwera ambiri, zikomo. Ambiri mwa inu munkawakonda, tikudziwa. Mawa mukatsegula msika, aliyense ayang'ane patebulo la mnzake. Nonse munalandira mipeni iwiri, koma mmodzi wa inu watsala ndi woyera wokha. Mukamupeza musamugende, musamuthire petulo. Kukanakhala kufuna kwanga ndikanalankhula zina, koma achemwali anga anathera moyo wawo kuletsa zimenezo. Mukam'pereke kupolisi wamoyo, ndi zala zake zonse.

Tikachoka kumanda, madzi ndi sopo zili pageti, wina asafike pa mbale asanadzerepo. Mayi Sambani, ntchito mwaigwira. Mzimu wanu uwuse mumtendere.