Kamtengo Kamene Ndinkathirira ndi "Ndili Bwino"

Abusa, akulu ampingo, amayi ndi abambo, moni m'dzina la Yesu. Aleluya! Akumbuyoko sindinakumveni. Aleluya!

Ndikufuna kuchitira umboni. Nonse mukudziwa kuti bambo akunyumba anatisiya fodya ali m'chigafa. Munabwera, munaimba, munabalalika. Chimene simukudziwa n'chakuti ine sindinalire. Misozi inakana. Chakudya chinkabwerera pakhosi, kumunda ndinkangoima khasu lili m'manja, ndipo mumtima munayamba kubwera mawu akuti, "Bwanji osangowatsatira?"

Mng'ono wanga wa ku Lilongwe ataona mmene ndinawondera, anandiikira kapulogalamu pafoni, akuti kothandiza anthu a nkhawa. Tsiku lililonse kamafunsa kuti, "Muli bwanji lero?" Pansi pake pali tinkhope, kena kosekerera, kena kolira. Ukayankha, kamtengo kojambulidwa pomwepo kamaphuka tsamba, amakupatsanso nyenyezi. Ukadumpha tsiku, kamafota.

Tsono abale, ine makolo anandilera bwino. Mlendo akakufunsa kuti muli bwanji, umayankha chiyani? Eya, mwanena nokha! Ndinkadina kosekererako. Lero ndili bwino, mawa ndili bwino, foni n'kumandiyamikira kuti, "Mwachita bwino, pitirizani!" Kolirako ndinkakaopa, ndinkayesa ndikakadina kamtengo kafa.

Kamtengo kakunenepa, ine ndikutha. Ndinamangika, abale, ndinamangika. Kwathu ku Mkanda netiweki timaipeza pachulu cha kuseri kwa zigafa, ndiye kaya mvula, kaya dzuwa, ine pachulu. Mapemphero a Lachinayi ndinasiya, ndinkakhala pagolosale kudikirira foni itchajidwe. Ndinkafuna kuleka, koma ndikangoganiza kuti kafota, mtima phaa! Amuna anga anafera m'manja mwanga, ndiye ndinkati aka kokha sikandifera. Munthu wamkulu ndithu, kulera mtengo wopanda ngakhale mthunzi.

Sabata ina foni inakakamira netiweki ya ku Zambia, mukudziwa mmene imachitira kuno. Ndinaikweza m'mwamba, ndinazimitsa, ndinayatsa, ayi ndithu. Mmene ya kwathu inkabwerera, masamba anali atayoyoka, nyenyezi zonse zapita. Ndinakhala pansi pachulu pomwepo n'kuyamba kubuma ngati maliro angochitika kumene.

Mayi Nabanda, awo akhala apowo, ankachokera kudimba. Anatula dengu n'kundifunsa kuti, "Amake Chisomo, muli bwanji?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene zomwe zija, koma kunatuluka zina: "Sindili bwino, amayi. Chiyambire tsiku la maliro lija sindili bwino."

Sanandilalikire. Anayala chitenje, anakhala nane mpaka ndinatopa kulira, ndipo mawa lake anandiperekeza kuchipatala kukaonana ndi alangizi a zamaganizo. Alangiziwo atamva nkhani yonse anati, "Mayi, mukanadina kolirako kamtengo kakanakulabe, ndipo foni ikanakuuzani kuti mubwere kuno kalekale."

Mwamva, abale? Misozi nayonso imathirira! Ine osadziwa.

Sindikunamizani kuti zonse zatha. Masiku ena mtima umalemerabe, kuchipatala ndikupitabe. Kapulogalamu kalipo, ndimakauza zoona, tsiku lina ndimakaiwala, ndipo sindithamangiranso pachulu. Koma mawu aja oti ndiwatsatire bambo anachoka, Chisomo ali ndi amake.

Zikomo Yesu pondimasula. Zikomo mayi Nabanda potula dengu lija. Tikatuluka muno, amene mundipatse moni musafulumire kudutsa, mudikire yankho. Koma lero ndifunseni nonse pamodzi. Funsani, musachite manyazi!

Ndili bwino, abale. Ulendo uno si foni ndikuyiuza. Amayi, nthungululu zili kuti? Imirirani mukondwere nane!