Mbale za pa Bedi Nambala Sikisi

Kwa milungu iwiri mbale za pa bedi nambala sikisi zinkabwerera kukhitchini zili mbee pafupifupi tsiku lililonse, koma wodwalayo, kalipentala wokalamba amene anachitidwa opaleshoni ya m'mimba, ankangoondabe. Dokotala, namwino, wamankhwala ndi mlangizi wa zakudya atakhala pansi anagwirizana kuti Lachisanu amuike kapaipi kodyera m'mphuno. Wotumidwa kukauza akazi ake anali mlangiziyo, mtsikana wokhulupirira fomu kuposa maso ake.

Anawapeza mayiwo m'khonde akupukuta supuni.

"Mayi, fomu ikuti bambo amamaliza chakudya chonse."

"Mbale imatha, ee."

"Mazira awiri a m'mawa?"

"Amatha."

"Mkaka wa teni koloko?"

"Sutsala ndi dontho lomwe."

"Nanga atsika bwanji ndi makilo atatu?"

"Funsani sikelo yanuyo, mwananga. Dzulo ndinakwerapo ine, ikuti ndawonjezera anayi. Ndi yabodza."

Mlangizi analemba kuti sikelo iunikidwe. Kenako anayala khama lonse la anzake: iye anawonjezera chakudya, wamankhwala anabweretsa mavitamini, wakukhitchini anathira batala mu supu. Mayi anavomera kuti batalayo akumveka ndithu, koma mchere wokha ndiye ophikawo akuumira.

Cholembera chinaima.

"Za mcherezo mwazidziwa bwanji?"

"Nanga ndizidya osamva?"

Manyazi analibe ndi pang'ono pomwe. Anafotokoza kuti zaka makumi anayi iwo ndi bambo akunyumba mbale ndi imodzi. Bambowo akadya masupuni awiri amawakankhira dzira, amati wotopa ndi wodwazika. Akakana, mkuluyo amaika supuni pansi n'kutembenukira kukhoma. Ndiye mbale ibwerere yodzaza, ophika aziti banja lija ndi lamwano?

"Koma lamulo likuti mbale ndi ya wodwala yekha."

"Lamulo lanulo linakwatiwapo?"

Mlangizi anasanthula mapepala ake onse, n'kuyankha mwaulemu kuti za ukwati sizinalembedwemo. Apo ndi pomwe ananena za kapaipi kaja.

Mayi anakhala pa benchi, supuni ili m'manja. Mantha anawagwira zenizeni. Munthu amene anapala yekha tebulo lomwe akhala akudyerapo zaka zonsezi, lero azidyera m'mphuno?

"Ndiye ine ndamudyera mwamuna wanga moyo," anatero chapansipansi. Koma khalidwe silichedwa kubwerera. "Ngakhale kapaipiko, ndikumudziwa ine, adzandikankhira komweko."

"Sikafika, mayi. Ndi kakafupi."

Mlangizi anati basi nthawi ya chakudya mayi azituluka panja. Mayi anati zimenezo anayesa kale Lachiwiri, pomwe anapita kunyumba kukachapa, ndipo bambo sanalawe kanthu tsiku lonse. Mtsikana uja anatembenukira ku mapepala ake. Anatsegula fomu n'kutsetsereka ndi chala mpaka pa Lachiwiri. Panali mawu a namwino: mbale zonse zitatu zabwerera zosakhudzidwa. Popeza yanena ndi fomu, anakhulupirira.

Anagwirizana kuti mlangiziyo akapempha anzake aja kuti kapaipi kadikire sabata imodzi. Wakukhitchini aziika chakudya cha anthu awiri m'mbale imodzi, namwino aziwerenga masupuni, ndipo mayi asameze kanthu bambo asanameze kawiri.

"Dzira likakankhidwa?"

"Ndilikankha libwerere. Aona kuti anakwatira ndani."

Vuto linatsala pa fomu. Pa njira yodyetsera wodwala panali mabokosi atatu okha: pakamwa, pa kapaipi, njira zina. Mlangizi anawayang'ana nthawi yaitali, thukuta lili pamphuno, kenako anachonga lachitatu n'kulembapo mosamala.

"Mwalembapo chiyani?"

"Akazi awo, katatu pa tsiku."

Mayi anaika supuni m'chikwama n'kudzuka.

"Lembani kanayi, mwananga. Mwaiwala mkaka wa teni koloko."