Chingwe cha Adzukulu Chinandizula M'matope

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu. Ndine Fabiao wa ku Ntengo-Wambalame, ndipo ndikufuna ndikuuzeni za tsiku limene matope a mumtsinje anafuna kundimeza wamoyo.

Chaka chimenecho mbatata zanga zinapsa ndi chiwawu, munda wonse kuda bii. Ndinasiya mkazi ndi ana awiri, n'kukwera chapa, minibasi yakwathu, kupita ku Furancungo kukasaka ganyu. Ndinapeza ntchito imene eni dera ankaikana. Kumeneko kuli tubu, chimpope chachikulu chotayira mumtsinje madzi oipa a m'mabafa ndi m'zimbudzi. Mchenga ndi zinyalala zikaunjikana pakamwa pake, madziwo amabwerera kunyumba za anthu, ndiye pamafunika olowa m'madzi ndi fosholo kukachotsa matopewo mvula isanalimbe. Za fungo lake sindinena. Pamsika anthu ankandipatsa moni atagwira mphuno.

Tinalipo atatu. Tsikulo anzanga awiri anapita kumaliro a m'mudzi mwawo, koma ine poti ndinali mlendo, shefi, bwana wathu, anati ndipitirize, chifukwa kumapiri kunali kutada. Masana ndinabaya fosholo pamulu womaliza, ndipo madzi amene anatsekeka m'tubu muja anaphulika nthawi imodzi. Anandikankhira m'dzenje lomwe tinakumba tokha, matope n'kundikwirira mpaka m'chiuno. Ndikati ndizule mwendo uwu, winawo umapitirira kulowa. Ndinakuwa mpaka mawu kusasa, koma ndani amayenda pamalo onunkha chonchija? Mudzi wonse unali kumanda. Kenaka ndinaona mtsinje ukufiira, ukubweretsa mapesi ndi timitengo, ndipo ndinadziwa kuti kumtunda mvula yagwa.

Ndinene zoona, sindinayambe ndi pemphero labwino. Ndinakalipa. Ndinati, Ambuye, makolo anga munawabweza amoyo kuchokera ku Malawi nkhondo itatha, ine ndiye ndifere m'zonyansa za anthu ena? Mkazi wanga akamuuza kuti mwamuna wake anamupeza pati? Madzi atafika pachifuwa, ukali wonse unatha, kunatsala mantha okhaokha. Ndinalira ngati mwana, ndikungoti, tumizani munthu, aliyense amene mungamupeze.

Posakhalitsa ndinamva amuna akuseka m'bango. Anali adzukulu, okumba manda aja, atamaliza kukwirira. Mwambo wawo ndi woti akachoka kumanda amatsikira kumtsinje kukasamba ndi kutsuka makasu asanalowe m'mudzi. Amasambira kumtunda, kutali ndi tubu, koma tsikulo madzi anali atamiza miyala yawo, ndiye ankatsetsereka m'mbali kufuna malo ena.

Mkulu wawo, bambo wa imvi, atandiona anaima n'kunena kuti, "Iii, achimwene, mwayamba kudzikwirira nokha osatidikira? Imeneyo ndi ntchito yathu!"

Akuseka choncho, manja anali kale pantchito. Anandiponyera chingwe, ndipo ndinaona kuti chili ndi dothi lofiira. Ndinabweza dzanja, chifukwa kwathu chinthu chochokera kumanda chisanatsukidwe sitichikhudza.

"Bambo, si chimene mwatsitsira bokosi ichi?" ndinafunsa.

"N'chomwecho. Segura," anatero m'Chipwitikizi, "gwirani msanga! Kapena tikakugulireni chatsopano kumsika?"

Madzi anali atafika pakhosi. Ndinachikulunga m'khwapa. Awiri anagoneka mitengo pamatope, n'kuyamba kufukula m'mbali mwanga ndi makasu omwe aja, enawo akukoka. Ndinazuka pang'onopang'ono, majombo anga n'kutsala momwemo mpaka lero. Anandisambitsa okha kumtunda, osanyansidwa, ndipo mmodzi anavula malaya ake n'kundiveka.

Ndikuthokoza Mulungu amene sanawerengere kukalipa kwanga. Ndikuthokozanso amuna aja, amene ambiri timawakumbukira tsiku la misozi lokha. Inu amene madzi akufikani pakhosi lero, kaya ndi matenda, kaya ndi njala, musasiye kuitana. Koma thandizo likabwera musalifunse kumene lachokera, monga ndinachitira ine wopusa. Chingwe chimene chinatsitsa munthu m'dzenje tsikulo n'chomwe chinakweza ine.

Ndinabwerera kwa ana anga wamoyo. Masiku ano kwathu kukagwa maliro, ndimakhala woyamba kunyamula khasu, ndipo tikatsikira kumtsinje, chingwe ndimachapa ndine.