Mapira Ocha Msanga

"Chaka chatha mwana wanga Priska adandifunsa kuti, 'Ababa, mbalame zonsezi zaudziwa bwanji munda wathu wokha?'"

Amene ankalankhula anali a Lazaro, pamzere wolandira mbewu kwa Ndamera. Ankauza mayi Jesinta, oyandikana nawo munda.

"Nanga si mudathamangira mapira atsopano a alangizi? Adacha athu asanamasule n'komwe."

"Adachadi okha, mpheta za dera lonse n'kudzadyera kwa ine. Ndidakolola dengu limodzi."

"Ndiye mwabwereranso omwewo?"

"Uthenga wa zanyengo pafoni ukuti mvula ya chaka chino idula msanga. Mapira amakolo sadzafika pokhwima."

"Foni amayenda nayo abambo akunyumba. Ine ndabwera kudzalandira nandolo."

"Mayi, ndikabzalanso ndekha, ana anga adzagona ndi njala. Tikabzala tonse, mbalamezo zidzagawikana."

"Mukufuna ndikuthandizeni kudyetsa mpheta?"

"Theka la munda lokha."

"Ii, a Lazaro! Chabwino. Mvula yobzalira ikagwa mudzandiitane, tidzabzala tsiku limodzi. Koma kuthamangitsa mbalame m'mamawa kudzakhala kwanu."

"Takhuta, mayi, zikomo kwambiri. Dzuwa lizidzandipeza ndili m'malire a minda yathu."