Timakapu tiwiri ta malemu Ba Killian Besa

Malemu amene tawasonkhanira lero ndi Ba Killian Chama Besa. Anabadwa m'chaka cha 1949 ku Samfya, m'chigawo cha Luapula, ndipo anali achiwiri m'banja la ana asanu ndi awiri. Ine amene ndalemba mbiriyi ndine mlamu wawo, mng'ono wa akazi awo. A pabanja andilola kunena zonse, zokoma ndi zowawa zomwe.

Sukulu ya pulayimale anaphunzira kwawo komweko, sekondale ku Mansa, kumene anamaliza Fomu 5 mu 1968. Atatero anabwera ku Lusaka kudzaphunzira ntchito ya mu labotale, ndipo mu 1972 analembedwa pakampani ina yoyenga mafuta ophikira ndi kupanga majarini. Mu 1975 anakwatira Emmy Sakala wa ku Katete. Anayamba banja ku Kabwata, nasamukira ku Chelstone mu 1981, mu Lusaka momwemo.

Kuntchito anawapatsa makina otchedwa kalorimita, oyeza kutentha kumene mafuta amasungunukira kapena kuuma. Makinawo anali ndi timakapu tiwiri tachitsulo, tosaposa chala chachikulu. M'kamodzi ankaikamo mafuta oti ayezedwe, kenako kankalowa kopanda kanthu kuti makina afanizire. Ba Killian sankatigwira ndi manja, ankatinyamula ndi kopanira. Akamaliza kuyeza ankatiniika m'mankhwala osungunula mafuta, kutitsukuluza katatu ndi madzi osefa, kutiumitsa ndi mpweya, kenako kutilowetsa m'makina topanda kanthu. Mzere ukatuluka wowongoka papepala, pamenepo ndiye ankati tayera. Mafuta akakakamira sankapala, ankangoniikanso n'kudikira. Tsiku limene ndinawayendera kumeneko ndinatambasula dzanja kuti ndione kamodzi, iwo n'kundigwira pamkono: "Ba mulamu, osagwila. Chala chanu chili na mafuta kupambana vitumbuwa."

Kampani itagulitsidwa mu 1994, mabwana atsopano anachepetsa anthu ndipo ankafuna zotsatira tsiku lomwelo. M'mwezi wa Meyi 1995 Ba Killian analandira uthenga wa maliro a amayi awo ali pantchito. Ananyamuka mothamanga, timakapu atatisiya m'mankhwala, osasiya mawu kwa aliyense. Atabwerako patapita sabata anapeza timakaputo tikunyezimira, koma m'kati muli mizere yokandika. M'mizeremo munkatsalira mafuta, makina n'kumanama. Majarini wa sabata yonseyo anakasungunuka m'masitolo, ogula n'kumubweza. Mabwana atafunsa amene anawononga, Ba Killian anayankha kuti timakapu tinali m'manja mwawo. Anawachotsa ntchito, ndipo m'kalata analemba kuti ndi munthu wosasamala.

Apa ndipo ife a pabanja tinalakwa. Tinakhulupirira kalatayo. Tinkati anapita kumaliro mutu utasokonezeka, natsuka mwachisawawa. Ena mpaka ankanong'ona za mowa, chonsecho malemuwa sankamwa. Ine ndiye ndinaposa onse. Ndinawanena pamaso pa ana awo kuti bambo wamkulu walephera kutsuka makapu awiri, chikhalirecho mkulu wanga amatsuka mbale za anthu asanu ndi atatu tsiku lililonse popanda womuthokoza. Anangotenga chipewa natuluka panja.

Kalata yotere inawatsekera zitseko m'malabotale ena. Anaika kabenchi pamsika wa Chelstone n'kuyamba kukonza mawotchi ndi masikelo, ndipo ndi ntchito imeneyi anaphunzitsa ana onse mpaka kumaliza. Anali Mkatolika wokhulupirika, woimba besi mukwaya zaka zoposa makumi awiri. Udindo wa usungichuma wa mphakati anaukana kawiri, ati anthu sangakhazikike mtima ndi munthu wa mbiri ngati yawo.

Matenda a shuga anawapeza mu 1999. Mwezi watha anagonekedwa m'chipatala, impso zitafooka. Lachitatu sabata yatha, pa nthawi yoona odwala masana, kunabwera Ba Mathias Kampamba, mnzawo amene anagwira naye ntchito zaka khumi ndi zisanu. Anagwada pambali pa bedi, ife tonse tilipo, nati: "Amai Besa, ni ine ninakwecha tuja tumakapu. Abwana benze kufuna malizauti, mafuta yanakana kuchoka. Ninapempha waya wa mapoto ku kantini. Ninaganiza nathandiza." Pambuyo pake Ba Killian anaululira akazi awo kuti anazindikira tsiku lomwe anabwerera ku maliro, pongoona mizereyo. Sanawaulule chifukwa akazi a Ba Mathias anali atangomwalira kumene, kuwasiyira ana asanu, komanso ankadziimba mlandu kuti sanasiye malangizo. Mawu okha amene anayankha pabedipo anali akuti, "Ima iwe Mathias, uzadetsa thalauzi."

Ine sindinapepese tsiku limenelo. Chifukwa cha manyazi ndinati ndidzabwera Loweruka ndekha, popanda anthu. Ba Killian anatisiya Lachisanu m'mawa, pa 13 Ogasiti 2004, ali ndi zaka 55. Choncho ndikunena pano, pamaso pa ana amene anandimva ndikunyoza bambo awo: ndinawanamizira. Zaka zisanu ndi zinayi anasenza dzina la wosasamala, ndipo sanali wotero. Ba Mathias ali nafe pano. Ine ndinakana kuti anyamule nawo bokosi, koma amayi a nyumba, mkulu wanga, alamula kuti anyamule, ndipo anyamula.

Malemuwa asiya akazi awo Emmy, ana aamuna awiri, Mwenya ndi Abednego, ana aakazi awiri, Lubuto ndi Chilufya, adzukulu asanu ndi mmodzi, alongo awo atatu ndi mng'ono wawo Meshack wa ku Kitwe.

Ambuye awalandire ndi dzina lawo lenileni. Ba Killian Chama Besa apumule mu mtendere.